MIKE HAILWOOD, NGWAZI YA NJINGA ZAMOTO

M'nkhani zathu za anthu ochuka a m'maiko ena, lero tikamba za munthu amene nchito yace inali kuthamangitsa njinga zamoto. Njinga yamoto mumaidziwa nonse. Ena amaicha mthuthuthu cifukwa ca kulira kwace, ndipo m'midzi yambiri anthu amangoti honda, ngakhale njingayo inapangidwa ndi kampani ina. Alangizi a zaulimi ndi anchito a zaumoyo amafika nayo kumene galimoto singafike. Koma kuli maiko kumene njinga yamoto irinso ya masewera, ndipo anthu zikwizikwi amasonkhana kukaonerera akatswiri alikupikisana, monga momwe ife timasonkhanira ku bwalo la mpira.

Munthu wathu wa lero ndi Mike Hailwood wa ku England. Iye anakhala ngwazi ya dziko lonse lapansi maulendo 9, napambana mipikisano ikuluikulu 76. Cherani khutu bwino, ndipo pomvetsera sungani funso ili mumtima: kodi cimene cimapatsa munthu ulemu wokhalitsa n'ciani, cuma, liwiro, kapena mtima wace?

UBWANA WACE

Hailwood anabadwa pa 2 April 1940 m'mudzi wa Great Milton, pafupi ndi mzinda wa Oxford, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse iri mkati. Atate wace, a Stan Hailwood, anali munthu wolemera amene anali ndi masitolo ogulitsa njinga zamoto, ndipo iwonso pa unyamata wao anacitako mipikisano. Motero mwanayo anaphunzira kuyendetsa kanjinga kamoto kakang'ono pa bwalo la udzu pafupi ndi nyumba yao akali wamng'ono. Atasinkhuka anamtumiza ku sukulu ya Pangbourne, yokonzekeretsa anyamata nchito ya pa zombo, koma mtima wace sunali pamenepo, ndipo anacoka asanatsirize. Pambuyo pace anakagwira nchito kwa kanthawi ku fakitale yopanga njinga za Triumph.

Mpikisano wace woyamba anacita mu April 1957 pa bwalo la Oulton Park, ali ndi zaka 17. Sanapambane ai. Anatsiriza ali wa nambala 11. Caka cimeneco cirikutha, pamene ku England kunali cisanu, anabwera ku South Africa kudzapikisana ndi kudzaonjezera luso lace.

Anzace ambiri a pa mpikisano anali anthu osauka. Munthu ankakhala ndi njinga imodzi yokha, naikonza yekha usiku, nagona m'galimoto yonyamulira njingayo. Hailwood ankafika ndi njinga zingapo zatsopano pamodzi ndi amakanika olipidwa ndi atate wace. Cifukwa ca ici ena ankamnena kuti akupambanira ndalama. Kuti ndalamazo zinamthandiza n'zoona, ndipo sitingakane. Koma ndalama zimagula njinga basi. Pofika pa kona yokhota, njinga irikuthamanga koposa mphepo, atate wace sakanamgwirira cogwirira. Mnyamatayo anayenera kuonetsa yekha cimene anali, ndipo mu 1959 anapambana mpikisano wace woyamba wa dziko lonse ku Ulster, m'dziko la Northern Ireland, pa njinga ya Ducati.

MPIKISANO WACE UMAYENDA BWANJI

Tisanapitirire, tiyeni timvetse za masewerawa. Mpikisano wopezera ngwazi ya dziko lonse unayamba mu 1949. Caka ciri conse akatswiri amayenda m'maiko osiyanasiyana, ndipo mpikisano wa m'dziko liri lonse umachedwa Grand Prix. Wofika woyamba amalandira mapointi ambiri, waciwiri ocepako, cimodzimodzi mpaka m'munsi. Pakutha pa caka amaonkhetsa mapointi, ndipo amene ali nao ambiri ndiye ngwazi. Kuyambira mu 2002 gulu lalikulu la mpikisanowu limachedwa MotoGP.

M'masiku a Hailwood njinga zinkagawidwa m'magulu potsata kukula kwa injini: 125cc, 250cc, 350cc ndi 500cc. Zilembo ziwirizi, cc, ndi muyeso wa malo a mkati mwa injini momwe petulo wosakanizika ndi mpweya amapsera. Injini ya 250cc iri ndi malo olingana ndi kapu imodzi ya tiyi, ndipo ya 500cc iri ndi malo a theka la lita. Masiku ano katswiri amakwera gulu limodzi lokha, koma nthawi imeneyo munthu mmodzi ankatha kukwera njinga zitatu zosiyana pa tsiku limodzi. Hailwood anachuka kwambiri pa cimeneci, pakuti njinga iri yonse imene anampatsa, yaikulu kapena yaing'ono, yabwino kapena yobvuta, ankatha kupambana nayo. Anthu a kwao anampatsa dzina lakuti Mike the Bike, ndiko kunena kuti iye ndi njinga anali cinthu cimodzi.

Inu amene mumapalasa njinga ya kapalasa mukudziwa kuti pokhota thupi limapendekera mbali imene mulikulowera. Mukapanda kupendeka, njinga imafuna kupitirira molunjika. Pa njinga yamoto ya mpikisano ziri cimodzimodzi, koma popeza liwiro ndi lalikulu, kupendekako kumakhalanso kwakukulu, mpaka nsapato imakhula pansi. Akapendeka mopitirira, matayala amaterereka. Akacedwa kugwira mabuleki, amaturuka mu mseu. Luso la katswiri ndi kudziwa malire amenewa pa kona iri yonse.

CISUMBU CA ISLE OF MAN

Pakati pa England ndi Ireland pali nyanja, ndipo pakati pa nyanjayo pali cisumbu caching'ono cochedwa Isle of Man. Aphunzitsi, cisonyezeni kwa ana pa mapu. Pa cisumbu cimeneci pamacitika mpikisano wochedwa Tourist Trophy, mwacidule TT, umene unayamba mu 1907. Kumeneko sathamangira m'bwalo lomangidwira masewera. Boma limatseka miseu yeniyeni imene anthu amayendamo masiku onse, ndipo njinga zimadutsa pakati pa nyumba, pambali pa zipupa za miyala ndi mitengo ya magetsi, nizikwera phiri la Snaefell ndi kutsikanso.

Kuzungulira kamodzi ndi mailosi 37.73, ndiwo makilomita 60 ndi pang'ono, pafupifupi mtunda wa pakati pa Ndola ndi Kitwe. Njirayo iri ndi makona opitirira 200, ndipo katswiri ayenera kuwaloweza onse pamtima monga inu mumalowezera matebulo a masamu. Mpikisano waukulu wa njinga za 500cc, wochedwa Senior TT, unali wozungulira kasanu ndi kamodzi, mtunda woposa wa pakati pa Lusaka ndi Ndola. Akuluakulu amati liwiro la mumcenga n'kuyambira limodzi, koma pa TT sanyamuka onse pamodzi cifukwa miseu ndi yopapatiza. Amanyamuka motsatana, ndipo wopambana ndi amene watenga nthawi yocepa koposa onse.

Malo amenewa ndi oopsa ndithu. Ciyambire mu 1911, pamene anayamba kugwiritsa nchito njira ya kuphiriyi, anthu opikisana oposa 250 afera pamenepo.

Mu June 1961, ali ndi zaka 21, Hailwood anacita cimene munthu wina anali asanacitepo: anapambana mipikisano itatu ya TT m'sabata imodzi. Iwiri anapambana pa njinga za Honda, za 125cc ndi 250cc, ndipo wa 500cc anapambana pa njinga ya Norton. Kampani ya Honda ya ku Japan inali yacilendo ku Ulaya, pakuti inafika koyamba pa cisumbuco mu 1959, ndipo aka kanali koyamba kuti njinga yace ipambane TT. Caka comweco Hailwood anakhala ngwazi ya dziko lonse m'gulu la 250cc. Aja ankanena za ndalama za atate wace anayamba kukhala cete.

ZAKA ZA KUPAMBANA

Atatero analembedwa nchito ndi kampani ya MV Agusta ya ku Italy, imene njinga zace zinali zamphamvu koposa zonse m'gulu lalikulu. Kumeneko anapeza katswiri wina wocokera kufupi ndi kwathu kuno, Gary Hocking, amene anakulira ku Bulawayo m'dziko la Southern Rhodesia, lomwe lero ndi Zimbabwe. Nthawi imeneyo dziko limenelo ndi lathu anali pansi pa boma limodzi la citaganya. Hocking ndiye anali ngwazi ya 350cc ndi 500cc mu 1961. Mu 1962 bwenzi lace, Tom Phillis wa ku Australia, anafa pa ngozi pa TT. Hocking anagwidwa ndi cisoni cacikulu, naleka njinga, nayamba mipikisano ya galimoto poganiza kuti kumeneko ngozi n'zocepa. Koma mu December caka comweco anafa poyeserera mpikisano wa galimoto ku Natal, m'dziko la South Africa, ali ndi zaka 25. Katswiri winanso wa ku Rhodesia, Jim Redman, anakhala ngwazi ya dziko lonse maulendo 6 pa njinga za Honda. Mukuona tsono kuti cigawo cathu ca Africa cinali ndi mbali yace m'mbiri imeneyi.

Hailwood anakhala ngwazi ya 500cc zaka zinai zotsatana, kuyambira 1962 kufikira 1965. Mu 1964, caka cimene dziko lathu linalandira ufulu, anapita ku Daytona m'dziko la America, nayenda makilomita 233 m'ola limodzi, mtunda umene munthu wina anali asanaukwanitsepo pa njinga yamoto. Anacita zimenezi m'mawa, ndipo masana a tsiku lomwelo anapambana Grand Prix ya dzikolo.

Mu 1965 pa Senior TT kunagwa mvula, mseu nuterera. Pa kona yochedwa Sarah's Cottage Hailwood anagwa. Galasi lochinga mphepo linasweka, zogwirira zinapindika, ndipo magazi anali kutuluka m'mphuno. Iye anadzuka, naimika njinga, naikankha mpaka inalira, napitiriza ulendo. Anaima pa malo othirira petulo kuti amakanika aongole zopindikazo, ndipo potsiriza anapambana mpikisanowo. Pa kona yomweyo panali patagwanso mnzace wa kampani imodzi, mnyamata wa ku Italy dzina lace Giacomo Agostini. Dzina limeneli lisungeni, pakuti tikumana nalonso.

Mu 1966 Hailwood anabwerera ku Honda. Amisiri a ku Japan anali atapanga njinga yodabwitsa ya 250cc yokhala ndi masilinda 6. Taganizani malo a kapu imodzi ya tiyi atagawidwa m'tizigawo 6! Anatero cifukwa tizitsulo ting'onoting'ono timayenda msanga kuposa zitsulo zazikulu, kotero kuti injiniyo inkazungulira pafupifupi maulendo 18,000 pa mphindi imodzi, ndiwo maulendo 300 pa sekondi. Pa njinga za Honda anakhala ngwazi ya 250cc ndi ya 350cc mu 1966, nabwerezanso zonse ziwiri mu 1967. Muwerenge tsono: kamodzi mu 1961, kanai pa MV Agusta, ndi kanai pa Honda. Zonse pamodzi ndi 9.

MPIKISANO WA 1967

Anthu odziwa masewerawa amati Senior TT ya pa 16 June 1967 ndi umodzi mwa mipikisano yopambana yonse imene inacitikapo. Agostini anali pa MV Agusta, njinga yopepuka ndi yomvera bwino pokhota. Hailwood anali pa Honda ya 500cc, yamphamvu kwambiri koma yobvuta kuilamulira, pakuti inkagwedezeka pa liwiro lalikulu ngati ng'ombe yosaphunzitsidwa goli.

Pa ulendo woyamba Agostini anatsogola ndi masekondi pafupifupi 12. Pa ulendo waciwiri Hailwood anazungulira makilomita 60 aja m'mphindi zosakwana 21, pa liwiro la mailosi 108.77 pa ola, ndiwo makilomita 175, ndipo panapita zaka 8 munthu wina asanapyole liwiro limenelo. Koma bvuto linabuka. Cogwirira ca kudzanja lamanja, cimene woyendetsa amapotokola pofuna kuonjezera moto, cinayamba kukhwefuka. Ataima kuti athire petulo anaitanitsa hamala, nacikhomera m'malo mwace, ndipo pamenepo anataya masekondi amene anawabvutikira. Anthu awiriwo anapitiriza kusinthana kutsogola mpaka ulendo wacisanu, pamene cheni ca njinga ya Agostini cinaduka pa phiri. Mnyamatayo analira misozi, ndipo tsikulo linali lokumbukira kubadwa kwace, atakwanitsa zaka 25. Hailwood anapambana, atayenda makilomita oposa 360 m'maola awiri ndi mphindi zosakwana 10.

Pakutha pa cakaco awiriwo anali ndi mapointi ofanana m'gulu la 500cc, ndipo yense anali atapambana kasanu. Oweruza anawerenga amene anafika waciwiri kawirikawiri, ndipo ungwazi unapita kwa Agostini. Motero yense wa iwo analawa kupambana ndi kugonja m'caka cimodzi, koma sanadane. Anakhala mabwenzi kufikira imfa inawalekanitsa. Agostini pambuyo pace anakhala ngwazi maulendo 15, ndipo mu 1972, mnzace wina atafera pa cisumbu cija, anakana kudzapikisananso pamenepo. Akatswiri ena anagwirizana naye, ndipo itatha 1976 TT inacotsedwa pa mndandanda wa mipikisano ya dziko lonse, ngakhale imacitikabe payokha.

MOTO WA KU KYALAMI

Mu 1968 kampani ya Honda inaleka mipikisano ya Grand Prix, ndipo inalipira Hailwood ndalama zambiri kuti asakwere njinga za kampani ina m'mipikisano imeneyo. Iye anatembenukira ku galimoto za liwiro. Mu 1969 anafika wacitatu pa mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans m'dziko la France, ndipo mu 1972 anakhala ngwazi ya ku Ulaya m'gulu la Formula Two. M'gulu lalikulu la Formula One sanapambanepo mpikisano ngakhale umodzi. Koma kumeneko ndiko anacita cinthu cimene ambiri amaciyesa cacikulu kuposa zikho zace zonse.

Munali mu March 1973, pa bwalo la Kyalami pafupi ndi Johannesburg. Mpikisano utangoyamba, galimoto zingapo zinaombana, ndipo galimoto ya Clay Regazzoni wa ku Switzerland inagundana ndi ya Hailwood niyaka moto. Regazzoni anakomoka ali womangidwa ndi malamba pa mpando wace, petulo alikuyaka mbali zonse. Hailwood anaturuka m'galimoto yace, nathamangira m'motomo, nayamba kumasula malambawo. Zobvala zace zinagwira moto, ndipo anabwerera m'mbuyo kuti amzimitse. Atangomzimitsa analowanso kaciwiri, ndipo mothandizana ndi anchito a pa bwalopo anamturutsa mnzaceyo ali moyo. Regazzoni anacira, nabwerera ku mipikisano patangopita masabata owerengeka.

Makolo athu anati mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako. Regazzoni sanali mbale wace wa Hailwood, sanali wa mtundu wace, ndipo anali wa kampani yopikisana nayo. Pa cifukwa ca nchito imeneyi Hailwood analandira George Medal, imodzi mwa mendulo zapamwamba zimene dziko la Britain limapereka kwa anthu wamba oonetsa kulimba mtima.

Mu August 1974 iye mwini anacita ngozi yaikulu pa bwalo la Nürburgring m'dziko la Germany, nathyoka mwendo wamanja koopsa. Pamenepo analeka Formula One, ndipo pambuyo pace anasamukira ku New Zealand ndi banja lace.

KUBWERERA KU CISUMBU

Mu 1978 kunamveka mbiri yakuti Hailwood afuna kupikisananso pa TT. Ambiri anada nkhawa. Anali ndi zaka 38, mwendo wace unali wolemala, ndipo panali patapita zaka 11 cicokereni pa cisumbuco. M'zaka zimenezo njinga zinali zitasintha, matayala atasintha, ndipo kunali anyamata atsopano amene anali ana a sukulu pamene iye ankapambana. Abwenzi ace ena ankaopa kuti adzacita manyazi, ena kuti adzafa.

Hailwood anakonzekera mosamala. Anayamba wacita mipikisano ing'onoing'ono ku Australia kuti thupi lizolowerenso, ndipo atafika pa cisumbu anazungulira njirayo kambirimbiri kuti akumbukire makona ace. Njinga yace inali Ducati, yokonzedwa ndi sitolo ina ya ku Manchester. Wopikisana naye wamkulu anali Phil Read, ngwazi inzace yakale, amene anali pa njinga ya kampani ya Honda. Pa 3 June 1978, pamaso pa khamu lalikulu la anthu, Hailwood anampeza Read pa njira, nampitirira, napambana. Tsiku limenelo anazungulira pa liwiro loposa mailosi 110 pa ola, kuposa lija la pa unyamata wace.

Mu 1979 anabweranso, napambana Senior TT pa njinga ya Suzuki. Uku kunali kupambana kwace kwa nambala 14 pa cisumbuco. Pa mpikisano wace wotsiriza sabata yomweyo anagonja kwa Alex George wa ku Scotland ndi masekondi osakwana anai, atayenda mtunda wonse uja. Atatero anapacika cisoti cace, natsegula sitolo yogulitsa njinga zamoto mumzinda wa Birmingham. Ena anadzampyola pambuyo pace pa ciwerengero ca kupambana: Joey Dunlop wa ku Northern Ireland anafika pa 26, ndipo mu 2024 Michael Dunlop, mwana wa mbale wace wa Joey, anapyola pamenepo. Koma malo okwera koposa onse pa njira ya TT amachedwa Hailwood's Height pokumbukira iye.

IMFA YACE

Tsono, ana inu, mverani bwino mbali iyi. Munthu amene anathamanga zaka zoposa 20 pa malo oopsa, amene anaona anzace ambiri alikufa, napulumuka moto wa ku Kyalami, sanafere pa mpikisano. Loweruka pa 21 March 1981 anatenga ana ace awiri pa galimoto ya banja kukagula cakudya ca madzulo, nsomba ndi machipisi. Pobwerera, pa mseu waukulu wa kumwera kwa Birmingham, woyendetsa lole wina anatembenuza lole yace pakati pa mseu, pa malo pamene lamulo silinalole, ndipo galimoto ya Hailwood inaomba loleyo. Mwana wace wamkazi wa zaka 9 anafera pomwepo. Hailwood anamwalira m'cipatala pa 23 March, ali ndi zaka 40. Mwana wamwamuna yekha ndiye anapulumuka.

Timati tsoka silinunkha, ndipo n'zoona kuti Hailwood sakanadziwa cimene cinali kumdikira madzulo amenewo. Koma ngozi imeneyi inali ndi mwini wace. Munthu mmodzi anafuna kufupikitsa ulendo wace ndi mphindi zowerengeka, naphwanya lamulo la pa mseu, ndipo anthu awiri anataya moyo. Luso lonse la ngwazi ya dziko lapansi silinathe kuwapulumutsa.

ZOTI TITOLEPO

Tibwerere ku funso lathu lija. Cuma ca atate wace cinamtsegulira khomo, koma cuma cokha sicikanamdzutsa pamene anagwa pa mvula mu 1965. Liwiro lace linali lodabwitsa, koma lapyoledwa kale: mu 2023 Peter Hickman anazungulira njira ya TT pa liwiro loposa mailosi 136 pa ola. Cimene sicinapyoledwe ndi cija anacita ku Kyalami, pamene analowa m'moto kawiri cifukwa ca munthu wopikisana naye. Inunso pa masewera a pa sukulu mudzapambana tsiku lina, tsiku lina mudzagonja. Wopikisana nanu si mdani wanu. Akagwa, mdzutseni.

Cina ndi ici. Pa mpikisano miseu imatsekedwa, onse amalowera mbali imodzi, madokotala amakhala pafupi, ndipo wokwera ali yense amabvala cisoti colimba ndi zobvala zacikopa. Ngakhale ziri conco, mwamva kuculuka kwa amene anafa. Nanga kuli bwanji pa miseu yathu, pamene pamayenda ana, mbuzi, ngolo za ng'ombe ndi malole? Munthu wothamangitsa njinga yamoto pakati pa mudzi kapena pa msika asadziyese Hailwood, pakuti Hailwood ankathamanga pa malo ace ndi pa nthawi yace. Mukakwezedwa pa njinga yamoto, pemphani cisoti, ndipo musalole kukwera anthu atatu kapena anai pa njinga imodzi. Poyenda pansi m'mbali mwa mseu, yendani kudzanja lamanja kuti muziona galimoto zimene zirikubwera kutsogolo kwanu. Pofuna kudumpha mseu, imani, yang'anani kumanja, kumanzere, ndi kumanjanso, ndipo muoloke pokhapokha mseu uli woyera. Ena mwa inu mudzakhala oyendetsa malole, mabasi ndi njinga zamoto mukadzakula. Tsiku limenelo mudzakumbukire lole ija inatembenuka pa malo oletsedwa.

NCHITO YA M'KALASI

Aphunzitsi, nkhani ikatha thandizani ana pa nchito izi.

1. Pezani pa mapu maiko awa: England, Italy, Japan, South Africa ndi New Zealand. Nenani cimene cinacitika kapena cimene cinacokera ku dziko liri lonse m'nkhani yathu.

2. Hailwood anabadwa mu 1940. Anali ndi zaka zingati pamene anapulumutsa Regazzoni mu March 1973? Kumbukirani mwezi umene anabadwa.

3. Ngati kuzungulira kamodzi ndi makilomita 60, kuzungulira kasanu ndi kamodzi ndi makilomita angati? Munthu wopalasa njinga ya kapalasa makilomita 15 pa ola angatenge maola angati pa mtunda wonsewo?

4. Fotokozani m'mau anuanu tanthauzo la mwambi wa ndebvu, ndipo simbani nthawi imene munaona munthu alikuthandiza mnzace pa ngozi.

5. Turukani pa bwalo la sukulu, lembani mseu pansi ndi ndodo, ndipo yeserani kaolokedwe kabwino, ena akhale galimoto, ena oyenda pansi.

Tsalani bwino, ndipo muyende mosamala pobwerera kunyumba.